Uphungu wa pa Foni ndi pa Intaneti pa Nkhani za Maganizo ndi za M'banja: Zofunika Kudziwa kwa Anthu a ku Likhubula

Uphungu wa pa foni ndi kukambirana kwa pakati pa munthu amene wathedwa nzeru ndi mlangizi wophunzitsidwa ntchitoyi, popanda awiriwo kuonana maso ndi maso. Kukambiranako kumachitika poyimba foni, potumizirana mauthenga, kapena pa intaneti monga pa WhatsApp. Kwa anthu a ku Likhubula, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, njirayi ndi yothandiza kwambiri. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba, ndipo ngakhale ulendo wa ku chipatala cha pa boma la Mulanje, wodzera pa Chitakale, umafuna ndalama yoyendera komanso kusiya khasu kapena malonda kwa maola angapo.

Mavuto ofuna uphungu

Moyo wa ku Likhubula umadalira munda, malonda ang'onoang'ono, ntchito za m'minda ya tiyi ndiponso alendo okwera phiri la Chambe kapena okaona Dziwe la Nkhalamba. Mitengo ya nandolo ikagwa, alendo akachepa, kapena ngongole ya katapila ndi ya banki m'khonde ikafika pakhosi, nkhawa imalowa m'nyumba. Namondwe wa Freddy, amene anasakaza chigawo chakum'mwera m'mwezi wa March 2023, anasiyanso mabala m'mitima ya anthu ambiri a m'boma la Mulanje amene anataya abale, nyumba ndi minda. Ena amachitabe mantha aakulu mvula yamphamvu ikayamba.

Chisoni ndi nkhawa zimagwera munthu aliyense. Zimasanduka matenda pamene zakhala masabata awiri kapena kuposera apo, n'kuyamba kulepheretsa munthu ntchito zake. Zizindikiro zake ndi monga kusowa tulo, kusafuna kudya, kudzipatula, kupsa mtima msanga, kumwa mowa mopitirira muyeso, kudziona wachabechabe ndi kulakalaka kufa. Nthawi zina vutoli limaonekera m'thupi, monga mutu wosatha kapena kuthamanga kwa mtima. Matendawa amachizika, ndipo amagwira amuna ndi akazi omwe. Amuna ambiri amaopa kuulula poganiza kuti asekedwa, koma akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Nambala zaulere

929: Chipatala cha pa Foni. Chinayamba m'boma la Balaka m'chaka cha 2011 mothandizidwa ndi bungwe la VillageReach, poyamba pa nkhani za amayi oyembekezera ndi ana. Tsopano chimatumikira dziko lonse pansi pa Unduna wa Zaumoyo. Ogwira ntchito zaumoyo amayankha mafunso ndi kulozera wodwala kumene angakalandire chithandizo.

116: nambala yothandizira ana, ya Tithandizane Helpline, imene imayendetsedwa ndi bungwe la YONECO la ku Zomba. Mwana kapena munthu wamkulu angathe kuyimba pa nkhani za nkhanza kwa ana, kugwiriridwa ndi maukwati a ana.

5600: nambala ya nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi, yoyendetsedwanso ndi YONECO.

Nambalazi sizidya mayunitsi ndipo zimatheka ngakhale pa foni wamba ya mabatani. Uphungu wa pa WhatsApp kapena wa pa kanema umafuna foni yamakono, bandulo ndi netiweki yokhazikika, ndipo alangizi oyima paokha amalipiritsa. Munthu afunse mtengo kukambirana kusanayambe.

Mmene kukambirana kumayendera

Woyimba asankhe malo aphee, foni yake ikhale ndi moto wokwanira. Ngati foniyo amagwiritsa ntchito ndi anthu ena, ndi bwino kuyankhula pakamwa kusiyana ndi kulemba mauthenga amene ena angawerenge. Mlangizi amayamba ndi kumvetsera, kenako amafunsa kuti vutolo linayamba liti, lasintha chiyani pa moyo wa munthuyo, ndiponso kuti alipo ndani amene angamuthandize pafupi. Ntchito yake ndi kuthandiza munthu kuona bwino njira zimene zilipo, ndipo chiganizo chimatsalira mwiniwake. Zokambirana zimasungidwa mwachinsinsi, pokhapokha ngati moyo wa munthu uli pa chiopsezo kapena mwana akuchitidwa nkhanza. Mankhwala a matenda a maganizo saperekedwa pa foni: amafuna kuti dokotala amuone wodwalayo.

Nkhani za m'banja

Ankhoswe, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti komanso mafumu akadali ndi udindo waukulu poyanjanitsa mabanja. Uphungu wa pa foni umathandiza pamene munthu akufuna kuyamba wayankhula ndi wina wosakhala mbali iliyonse, nkhani isanafike kwa ankhoswe. Umathandizanso mabanja amene atalikirana, monga pamene bambo ali ku Johannesburg kapena ku Mozambique, ndipo kukayikirana ndi mikangano ya ndalama zakula.

Kusamvana ndi nkhanza ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kumenya, kuopseza, kukakamiza kugonana ndi kumana dala banja chisamaliro ndi nkhanza zimene lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la chaka cha 2006 limaletsa, ndipo bwalo la milandu lingathe kupereka chiletso choteteza wozunzidwa. Nkhani zotere zipite ku ofesi ya Victim Support Unit ya apolisi kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma. Wogwiriridwa athamangire ku chipatala maola 72 asanathe kuti akalandire mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV. Malamulo a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18.

Pamene foni siikwanira

Munthu akanena zofuna kudzipha, akayamba kugawa katundu wake ngati akutsanzika, kapena akamamva mawu ndi kuona zinthu zimene ena sakuziona, asasiyidwe yekha. Achibale atsekere kutali mankhwala a m'munda, a mbuzi ndi ng'ombe, komanso osungira chimanga, ndipo apite naye ku chipatala tsiku lomwelo. Kumufunsa mwachifatse ngati akuganiza zodzipha sikumulimbikitsa kutero. Kumamupatsa mpata woti atule zakukhosi. Amene wamwa mankhwala oopsa asamwetsedwe mkaka kapena kusanzitsidwa: atengeredwe ku chipatala msanga pamodzi ndi botolo la mankhwalawo. Chipatala cha pa boma ndi cha Mulanje Mission zimalandira odwala mwadzidzidzi, ndipo ofunika chithandizo chapadera amatumizidwa ku Zomba.

Kuchenjera ndi akamberembere

Pa Facebook ndi pa WhatsApp pali anthu odzitcha alangizi kapena asing'anga, olonjeza kubweza mwamuna kapena mkazi wothawa. Mlangizi weniweni amatchula dzina lake ndi bungwe limene akugwirako ntchito. Sapempha nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money, sapempha zithunzi zamaliseche, ndipo sauza wodwala kuti asiye mankhwala a ku chipatala. Lamulo la za intaneti la chaka cha 2016 limaletsa kuzunza ndi kuopseza anthu kudzera pa foni ndi pa intaneti, choncho woberedwa kapena woopsezedwa akadandaule kupolisi, mauthengawo asanawafufute.

Mafumu, alangizi a zaumoyo a m'midzi, makomiti a misika ndi magulu a onyamula katundu wa alendo m'phiri akupemphedwa kulemba nambala za 929, 116 ndi 5600 pamalo oonekera, ndi kubwereka foni kwa mnansi amene alibe.