Mlendo Akakhalitsa: Mbiri ya Othawa Nkhondo pa Nthaka ya Malawi

Munthu woima pa msika wa Lirangwe, pamene msewu wochokera ku Blantyre, utapitirira Lunzu, ulunjika ku Mdeka ndi ku mlatho wa Shire pa Zalewa, angayese kuti malo ano sanakhudzidwepo ndi nkhondo za maiko, popeza zimene maso ake aona ndi amayi a tomato, anyamata a kabaza ndi matumba a makala oyedzekedwa m'mbali mwa tala. Koma kutsidya kwa mlatho kuli mphambano, ndipo njira yokhotera kumadzulo ipita ku Mwanza, ku Zobue mpaka ku Tete. Chotero iwo amene anali atakula kale pakati pa 1986 ndi 1994 akumbukira malole olemedwa ndi ufa, nyemba ndi mafuta ophikira akudutsa pano kunka ku misasa ya Chifunga ndi Luwani, akumbukiranso mdipiti wa magalimoto a katundu amene ankaoloka chigawo cha Tete moperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe, ena atabooledwa ndi zipolopolo. Nkhondo inali ya eni ake kutsidya kwa malire ku Mozambique, koma fumbi lake linatera pa madenga a kuno.

Kulandira othawa sikunayambe ndi nkhondo imeneyo. Pamene zaka za m'ma 1800 zinali kutha, ndiponso kwa zaka makumi angapo zotsatira, Alomwe ambirimbiri anaoloka kuchokera kum'mawa kwa phiri la Mulanje, pothawa msonkho, chikoti ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, nadzakhala ku Mulanje, Thyolo, Chiradzulu ndi Zomba, kumene ambiri anagwera m'goli lina la thangata pa minda ya Azungu. Panalibe bungwe lowalemba m'kaundula, panalibe khadi la chakudya. Panali mfumu ya mudzi yowaloza pomanga ndi polima, ndipo zidzukulu zawo lero ndi eni dziko, mwa iwo mwatuluka aphunzitsi, abusa ndi atsogoleri a dziko lino. Ndiyamba ndi iwo chifukwa pokamba za mlendo timafulumira kuiwala kuti ochuluka a ife tinafika pano ndi katundu pamutu.

Chigumula chenicheni chinadza mu 1986. Mozambique anali atalandira ufulu pa 25 June 1975, ndipo pasanapite nthawi boma la Frelimo linayamba kulimbana ndi zigawenga za Renamo, zimene poyamba zinaleredwa ndi boma la Azungu la Rhodesia, kenaka ndi la tsankho la South Africa. Mu September 1986 Samora Machel, Robert Mugabe ndi Kenneth Kaunda anabwera ku Blantyre kudzadzudzula Dr Kamuzu Banda pamaso, pomunena kuti dziko lake lasanduka pobisalira Renamo; mwezi wotsatira Machel anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini, ndipo m'miyezi yomweyo nkhondo inasefukira m'zigawo za Zambezia ndi Tete, midzi inatenthedwa, nkhokwe zinafunkhidwa, anthu nayamba kuoloka malire usiku ndi usana, ena atavala ziguduli za masaka, ena makungwa a mitengo. Pofika mu 1992 othawa nkhondo anali atapitirira 1 miliyoni, m'dziko limene kalembera wa 1987 anapeza kuti lili ndi anthu pafupifupi 8 miliyoni. Ndipo m'boma la Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi.

Apa mpoyenera kuima pang'ono, pakuti chimene chinachitika m'zaka zimenezo ndicho chinthu chaulemu koposa chimene mtundu wathu unachitapo, ngakhale sitichiphunzitsa mokwanira ana athu. Mabungwe akunja asanafike ndi mahema, amene anayamba kudyetsa khamu lija anali alimi osauka a m'malire. Ku Dedza ndi ku Ntcheu, kumene msewu weniweniwo ndiwo malire ndipo Mngoni wa tsidya lino ndi wa tsidya ilo amagwadira mwambo umodzi, othawa ambiri sanatsekeredwe mumsasa konse: anamanga m'midzi, pakati pa abale a chinenero chimodzi, natunga pa chitsime chimodzi, naika maliro awo m'manda a eni dziko. Ku Chigwa cha Shire, Msena analandira Msena mnzake. Makolo anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo anthu a m'midzi imeneyo anazimadi, pogawana ufa wotsala m'dengu, osadziwa ngati adzabwezeredwa.

Pambuyo pake boma linaitana bungwe la UNHCR, chakudya chinayamba kufika kudzera ku WFP, a Red Cross ya Malawi nagwira ntchito yogawa, madokotala a Médecins Sans Frontières nasamalira odwala, ndipo misasa ikuluikulu ngati Mankhokwe ndi Nyamithuthu inakula ngati mizinda, kotero kuti mu 1989 nduna yaikulu ya Britain, Margaret Thatcher, inakaona Mankhokwe ndi maso ake. Koma chakudya cha chithandizo chili ndi msampha wake. Mtedza utasowa pa zimene ankagawa, anthu anatsala ndi nsima yokhayokha, ndipo mu 1990 oposa 18,000 anagwidwa ndi pelagra, nthenda yothetheka khungu, yotsegula m'mimba ndi yosokoneza mutu, imene imadza thupi likamanidwa zofunika zimene chimanga chokha sichipereka. Munthu wolima munda wake akadatola therere, akadakumba mbatata, akadasinja nsinjiro. Munthu wa mumsasa amadya chokhacho chimene lole yabweretsa. Kolera nayenso anakantha kawirikawiri, mitengo inatha m'mapiri ozungulira misasa, ndipo chilala cha 1992 chinagwetsa mlendo ndi mwini mudzi m'dzenje limodzi la njala.

Pa 4 October 1992 Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere ku Rome, ndipo m'zaka ziwiri kapena zitatu zotsatira khamu lonse lija linabwerera kwawo, ambiri pa mapazi awo osadikira basi ya bungwe. Pamenepo mwambi woti mlendo ndi mame unaoneka woona. Ndipo ndiganiza kuti kuchokera nthawi imeneyo maganizo athu onse pa za othawa kwawo anaumbidwa pa chikhulupiriro chakuti mlendo aliyense adzakamuka dzuwa likakwera.

Lamulo lathu linabadwa m'masiku omwewo. Mu 1987 Malawi analowa m'pangano la maiko onse la 1951 lonena za othawa kwawo, koma analowa ataika zoletsa pa mfundo zingapo, monga ufulu woyenda ndi kusankha pokhala, ufulu wolembedwa ntchito, wokhala ndi malo ndi katundu, ndi wophunzira m'sukulu za boma. Mu 1989 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la othawa kwawo limene likugwirabe ntchito. Kwa dziko losauka limene linali kusenza anthu ochuluka chotere, kusamala kumeneko kunali komveka. Chovuta nchakuti nkhondo ya Mozambique inatha, koma zoletsa zinatsala, ndipo zinagwera anthu ena amene nkhondo zawo sizinathe.

Mu 1994, chaka cha kuphana koopsa ku Rwanda, boma linatsegula msasa wa Dzaleka m'boma la Dowa. Malowo anali ndende ya andale m'nthawi ya chipani chimodzi, ndipo pakati pa amene anazunzikamo panali a Mboni za Yehova, amene mu 1972 anathawira ku Sinda Misale ku Zambia ndi ku Mozambique, ambiri nabwezedwa kuno mokakamiza. Sitiyenera kuiwala kuti nafenso tinatulutsapo othawa kwawo, kuyambira pa nduna ngati Kanyama Chiume ndi Orton Chirwa zimene zinathawa pambuyo pa mkangano wawo ndi Dr Banda mu 1964. Msasa umene unakonzedwera anthu 10,000 kapena 12,000 lero usunga oposa 50,000, ochuluka ochokera ku Democratic Republic of Congo, Burundi ndi Rwanda. Ndipo mwana amene anabadwiramo chaka chotsegulira tsopano ali ndi ana akeake, olankhula Chichewa chosalala, osadziwa dziko lina, koma osaloledwa kutchedwa a dziko lino kapena kulembedwa ntchito imene anaphunzirira.

Wofuna kuona kumene njira yotere imathera ayang'ane kumpoto kwa Africa, ku chipululu cha miyala pafupi ndi Tindouf m'dziko la Algeria. Kumapeto kwa 1975, pamene Spain anali kuchoka ku Western Sahara ndipo Morocco ndi Mauritania analowamo, anthu a mtundu wa Sahrawi anathawira kumeneko, namanga misasa imene anaitcha maina a midzi imene anaisiya: Laayoune, Smara, Awserd, Dakhla, pambuyo pake Boujdour. Nkhondo ya Morocco ndi gulu la a Sahrawi la Polisario inaimitsidwa mu 1991 ndi lonjezo la referendamu, koma referendamuyo sinachitike kufikira lero, ndipo mu 2020 mfuti zinayambanso kulira. Anthuwo, amene chiwerengero cha UNHCR cha 2018 chinawaika pa 173,600, adziyendetsera okha sukulu ndi zipatala, amayi ndiwo akhala mizati ya misasa. Koma nthaka sibala, madzi m'madera ena adza pa thanki, chakudya chidalira WFP, kuchepa kwa magazi kwafala mwa ana ndi amayi, ndipo mvula ikagwa mwadzidzidzi, monga mu 2006 ndi 2015, nyumba za zidina zosaotcha zimasungunuka. Ana a Israeli anatha zaka 40 m'chipululu. A Sahrawi afika pa 50. Boma lathu linazindikirapo dziko lawo m'mbuyomu, kenaka linatembenuka, ndipo mu 2021 linatsegula ofesi ya ukazembe ku Laayoune, mzinda umene uli m'manja mwa Morocco. Koma kaya munthu aima mbali iti pa mlandu wa malirewo, sangakane kuti mibadwo itatu yoleredwa pa mzere wolandirira ufa ndi chilonda pa chikumbumtima cha Africa yense.

Nchifukwa chake pamapezeka ena amene amakafuna chitetezo m'tauni. Kwathu kuno, pamene chithandizo cha ku Dzaleka chinkacheperachepera, mabanja ambiri anatuluka mumsasa mwakachetechete, natsegula timagolosale m'makwalala a Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu ndi m'misika ya m'maboma, ena nagula mbewu kwa alimi, ena nakwatira kapena kukwatiwa ndi Amalawi. Anthu anawapatsa onse dzina limodzi loti Maburundi, ngakhale wochokera ku Rwanda kapena ku Congo. Dandaulo la ochita malonda a kuno, loti alendowa akuwalanda msika potsitsa mitengo, silinali lopeka, ndipo woliseka sadziwa kuwawa kwa kukhala tsiku lonse pa benchi osagulitsa kanthu; koma mayi wogula mafuta a pang'ono madzulo, kapena mlimi wopeza wogula nandolo wake, anali ndi umboni wina umene sunamveke pa wailesi.

Mu April 2021 boma linalamula kuti onse abwerere ku Dzaleka. Khoti linayamba laimitsa lamulolo, koma mu 2022 linachotsa chiletsocho; ndipo tsiku lomaliza la 15 April 2023 litadutsa, apolisi ndi asilikali anayamba pa 17 May kugwira anthu mu Lilongwe, nduna ya zachitetezo cha m'dziko ili Ken Zikhale Ng'oma. Mazana a anthu, pamodzi ndi ana, anagonekedwa ku ndende ya Maula asanatengeredwe ku Dowa, masitolo anatsekedwa, makontena a katundu analandidwa pa msika wa Mgona, ana anachotsedwa m'sukulu pakati pa chaka. UNHCR ndi mabungwe ngati Inua Advocacy anadandaula poyera. Chopweteka koposa nchakuti m'chaka chomwecho WFP, posowa ndalama, inadula ndi theka thandizo la chakudya la mumsasa. Motero anthu amene ankadzidyetsa okha ndi thukuta lawo, nalipira lendi kwa eni nyumba a kuno, anabwezeredwa ku mbale imene inali kale yosakwanira amene anaizungulira. Ine sindiona nzeru m'menemo, ngakhale ndivomereza kuti dziko lili ndi ufulu wodziwa amene ali m'kati mwa malire ake ndi kuzenga mlandu wolakwa aliyense payekha.

Malire a kumadzulo ndi kummwera nawonso sanagone. Mu 2015 ndi 2016 anthu a ku Tete anathawiranso pa mudzi wa Kapise ku Mwanza, mpaka boma linatsegulanso Luwani, umene unatsekedwa mu 2007. Ndipo kumapeto kwa 2024, zipolowe za chisankho zitabuka ku Mozambique, zikwi zinaoloka kulowa m'boma la Nsanje, mahema nadzukanso pa Nyamithuthu. Nthawi zonsezi oyamba kupereka madzi ndi pogona anali mafumu ndi anthu a m'midzi, monga kale.

Mtima wa mudzi sunasinthe. Chimene chatsalira m'mbuyo ndi lamulo la 1989 ndi zoletsa za 1987, zolembedwera alendo amene ankayembekezeka kubwerera msanga. Maiko ena otizungulira ayesa njira zina: Zambia inapereka mwayi wokhazikika kwa ena mwa othawa a ku Angola amene anakhalitsa ku Meheba ndi Mayukwayukwa, Tanzania inapatsa unzika Aburundi oposa 160,000 amene anathawa mu 1972, ndipo Uganda imapatsa othawa kwawo kachigawo ka munda ndi chilolezo chogwira ntchito. Pangano la 1951 lomwelo limalola dziko limene linaika zoletsa kuti lizichotse nthawi ina iliyonse, ndipo chofunika ndi kalata yochokera ku boma kupita kwa Mlembi Wamkulu wa United Nations. Chotsala chikhala cha aphungu athu, kuti akonze lamulo loti mphunzitsi, namwino kapena mmisiri wobadwira ku Dzaleka aloledwe kutuluka pa chipata ndi kukagwira ntchito ya manja ake.