Munda wa Mpesa wa Groot Constantia ndi Eni Ake

Kwa mwana wokulira ku Chipoka, m'mbali mwa nyanja ya Malawi, mphesa ndi chipatso chongomva m'Baibulo, pakuti dera limeneli limadziwika ndi nsomba, mpunga ndi thonje. Komabe mbiri ya munda wa mpesa wakale kwambiri m'dziko la South Africa, umene uli ku Cape Town, imakhudza anthu a kunyanja m'njira imene ambiri saiganizira.

M'chaka cha 1685, Simon van der Stel, amene ankalamulira ku Cape m'dzina la kampani ya Adatchi, adapatsidwa malo a mahekitala oposa 700 kuseri kwa phiri la Table. Malowa, amene kale Akhoikhoi ankadyetserako ng'ombe zawo, iye adawatcha Constantia. Adabzalapo mpesa ndi mitengo ya zipatso, ndipo adamwalirira pomwepo mu 1712. Pambuyo pake mundawo udagawidwa patatu, ndipo chigawo chokhala ndi nyumba yaikulu ndicho chidadzatchedwa Groot Constantia.

Chigawochi chidagwera m'manja mwa Oloff Bergh. Iye atamwalira mu 1724, mkazi wake Anna de Koningh ndiye adatenga mundawo. Mayi ameneyu adabadwa kapolo, chifukwa mayi wake, Angela, adagwidwa ku Bengal nadzagulitsidwa ku Cape. Motero mwana wa kapolo adasanduka mwini munda, komanso mwini akapolo.

Dzina la Groot Constantia lidamveka kutali pamene Hendrik Cloete adagula mundawu mu 1778. Iye adabzala mpesa watsopano, ndipo mu 1791 adamangitsa nyumba yaikulu yofululira ndi kusungira vinyo. Vinyo wotsekemera wa ku Constantia adayamba kumwedwa m'nyumba za mafumu ku Ulaya. Ngakhale Napoleon, ali m'ndende pa chilumba cha St Helena kufikira imfa yake mu 1821, ankatumiziridwa vinyo ameneyu.

Koma akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Amene ankalima, kutengulira mpesa, kuthyola mphesa ndi kuziponda adali akapolo ochokera ku India, Indonesia, Madagascar ndi Mozambique. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, akapolo ambiri ofika ku Cape ankachokera ku Mozambique, ndipo ena mwa anthu ogulitsidwa pa madoko a dzikolo ankagwidwa kumtunda, m'madera ozungulira nyanja ya Malawi. Mwachitsanzo, mu 1794 sitima yotchedwa São José, itanyamula akapolo pafupifupi 500 kuchokera ku Mozambique, idasweka pafupi ndi Cape Town. Anthu oposa 200 adamira, ndipo opulumukawo adagulitsidwa komweko. Ofika ku Cape ankalandidwa ngakhale maina awo, napatsidwa maina a miyezi monga April kapena September. Malonda oipawa ndiwo adadzapasulanso midzi ya ku Salima ndi Nkhotakota m'zaka za m'ma 1800.

Ukapolo udathetsedwa ku Cape mu 1834, koma akapolowo adakakamizidwa kugwirabe ntchito kwa ambuye awo mpaka 1838. Kuchokera pamenepo chuma cha banja la Cloete chidayamba kulowa pansi. Matenda a chinguwi adagwira mpesa, ndipo mu 1861 dziko la Britain lidaleka kukondera vinyo wa ku Cape pa misonkho. Mu 1885 banjali lidagulitsa mundawu kwa boma la Cape, limene lidausandutsa malo oyeserapo ulimi wa mpesa. Nyumba yaikulu ija idapsa mu 1925 koma idamangidwanso, ndipo kuyambira 1993 mundawu uli m'manja mwa bungwe la Groot Constantia Trust.

Lero alendo amapita kukaona nyumbayo ndi kulawa vinyo wake. Maina a eni munda adalembedwa bwinobwino ndi zaka zawo, koma maina enieni a anthu amene thukuta lawo lidakometsa vinyoyo adatayika. Wophunzira mbiri ya munda uliwonse, kaya wa mpesa ku Cape, wa tiyi ku Thyolo kapena wa fodya ku Kasungu, ayenera kufunsa mafunso awiri: mwini wake adali yani, ndipo adagwira khasu ndani?