Nyongolotsi Yophika Kukhitchini: Mbiri ya Nyambo za Pulasitiki

Sabata ino ndabwera ndi mbiri ya kanthu kochepa, kokwana m'dzanja la mwana: nyongolotsi ya pulasitiki. Kwathu kuno wofuna kuwedza amatenga khasu n'kukakumba nyongolotsi kudambo, ndipo a kunyanja amakoleka usipa ku mbedza akafuna ncheni kapena kampango. Koma ku America kuli anthu miyandamiyanda amene amawedza ndi nyambo yosadyeka, yofewa ngati mnofu, ndipo ena amaiphika okha pakhomo.

Nkhaniyi inayambira mumzinda wa Akron, m'chigawo cha Ohio. Mzindawu unatchuka ndi matayala, poti makampani a Goodyear, Firestone ndi B.F. Goodrich anali konko. M'chaka cha 1926, katswiri wina wa ku Goodrich, dzina lake Waldo Semon, anapeza njira yofewetsera pulasitiki wotchedwa PVC, yemwe uja wa mapaipi a madzi. PVC payekha ndi wolimba gwa, koma akamusakaniza ndi mankhwala ena onga mafuta amafewa n'kumapindika. Semon sankaganiza za nsomba ayi. Nyambo za labala zinalipo kale nthawi imeneyo, koma zinali zouma, moti nsomba ikaluma inkalavula msanga.

Amene analumikiza ziwirizi ndi a Nick Creme, bambo wogwira ntchito yosema zitsulo pa makina ku Akron komweko, pamodzi ndi akazi awo, mayi Cosma. Banjali linkatenthetsa pulasitiki wofewa uja kukhitchini kwawo, n'kumasakaniza ndi mafuta komanso utoto, kenako n'kuthira m'chikombole chimene anachipanga potengera nyongolotsi yeniyeni. M'chaka cha 1949 anapeza chimene ankafuna: nyongolotsi yofewa, yosauma ngakhale ikhalitse. Mu 1951 anayamba kuigulitsa kudzera pa positi m'dzina loti Wiggle Worm, zisanu pa dola imodzi. Chaka chomwecho, pa chionetsero cha zamasewera mumzinda wa Cleveland, mapaketi 9,600 anatha m'masiku ochepa. Ife a mumsika timadziwa kuti katundu watsopano kuti atuluke chonchi ndiye kuti anthu anali akumudikira kale osadziwa.

Komabe kumene nyamboyi inakafika pachimake ndi ku Texas. M'zaka za m'ma 1950 kumeneko ankamanga madamu ambiri, ndipo madzi ankamiza nkhalango mitengo ili chiimire. Nsomba yotchedwa bass, yolusa ngati ncheni yathu, imakonda kubisala m'mitengo yomira ndi m'maudzu. Vuto linali loti ukaponya mbedza wamba pamalo otere imakola nthambi, basi chingwe chaduka. Asodzi a kumeneko anatulukira nzeru: kulowetsa mbedza kumutu kwa nyongolotsi ya pulasitiki, kuitembenuza, n'kubisa nsonga yake m'thupi la nyongolotsiyo, kutsogolo n'kuika kamtovu kolemetsa. Ikatero imadutsa m'zitsa osakola, koma nsomba ikaluma, wowedza n'kukoka mwamphamvu, nsonga imaboola pulasitiki n'kugwira kukamwa. Mpaka lero kamangidwe kameneka amakatchula kuti Texas rig. Maoda ochokera kumeneko atachuluka, a Creme anakatsegula fakitale mumzinda wa Tyler ku Texas, ndipo kampaniyo inakhazikika komweko.

Malonda akamayenda anzako sagona, eti? Mu 1967 Tom Mann wa ku Eufaula, m'chigawo cha Alabama, anatulutsa Jelly Worm, nyongolotsi zonunkhira zipatso. Mu 1972 kampani ya Mister Twister ya ku Minden, Louisiana, inabweretsa nyambo ya mchira wopindika umene umagwedezeka wokha ukamakoka chingwe. Ena anayamba kuthiramo mchere kuti nsomba ikaluma isalavule msanga, ndipo m'zaka za m'ma 1990 Gary Yamamoto anatulutsa Senko, kandodo kodzaza mchere kamene kamamira pang'onopang'ono kakunjenjemera.

Mafakitale atakula chonchi, munthu ukhoza kuganiza kuti zophika pakhomo zinatha. Sizinathe. M'madamu a kumwera kwa California madzi ndi oyera mbee, ndipo nsomba zinazolowera nyambo za m'sitolo. Anthu kumeneko anayamba kuthira nyongolotsi pamanja m'magalaja mwawo: zowonda, zofewa kwambiri, za mitundu iwiri kapena itatu yosanjikizana. Fakitale imapanga zambirimbiri zofanana, pamene wa m'galaja amatha kupanga makumi awiri okha a mtundu umene nsomba za dziwe la kwawo zikufuna mwezi umenewo.

Kaphikidwe kake sikanasinthe kwenikweni kuchokera nthawi ya mayi Cosma. Amagula madzi otchedwa plastisol, omwe ndi ufa wa PVC wosakaniza ndi mafuta ofewetsa aja, ndipo amaoneka ngati mkaka. Akawatenthetsa kufika pafupifupi madigiri 177, amayera n'kuyamba kunanda ngati uchi. Pamenepo amathiramo utoto, tinthu tonyezimira, mwinanso mchere ndi fungo, n'kutsanulira m'chikombole. Zikombole zina ndi za aluminiyamu, zina za silikoni, ndipo zotchipa amaumba ndi ufa woyera uja amamangira chikhakha kuchipatala. Pakapita mphindi zowerengeka nyambo yauma. Ubwino wake, nyambo zong'ambika amazisungunulanso n'kupanga zina.

Koma si phala ili, abale. Madigiri 177 ndi kutentha koposa madzi owira, ndipo pulasitiki akakugwera amamatirira pakhungu. Kadontho ka madzi kakagweramo amathovoka n'kukuwaza kumaso. Akapserera amatulutsa utsi wa asidi wowononga mapapo. N'chifukwa chake odziwa amavala magolovesi ndi magalasi, amaphikira pamalo opita mphepo, ndipo chiwiya chimene aphikiramo sichibwereranso ku zakudya. Wina asati akasungunule majumbo pa mbaula kuti ayesere. Jumbo ndi pulasitiki wa mtundu wina, ndipo safewa choncho.

Tsono pali mbali ina imene mbiriyi siingaisiye. Nyongolotsi yeniyeni ikapulumuka ku mbedza imadyedwa kapena kuola. Ya pulasitiki imakhala pansi pa madzi zaka ndi zaka, ndipo ina imafufuma. M'chigawo cha Maine, ofufuza anapeza kuti nsomba za trout zimameza nyambozi n'kuzisunga m'mimba, zomwe zimasokoneza kadyedwe kake. Mu 2013 phungu wina kumeneko anabweretsa bilu yoti nyambo zotere ziletsedwe. Asodzi ndi makampani anakana kwamtuwagalu, ndipo chiletsocho sichinadutse. Mmalo mwake analimbikitsa kuphunzitsa anthu kuti nyambo zotha asamaziponye m'madzi. Makampani ena, monga Berkley, anayambanso kupanga nyambo zopanda PVC.

Mkangano umenewu si wachilendo kwa ife. Boma lathu linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, makampani anathamangira kukhoti, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la apilu linagamula kuti chiletsocho chikhalepo. Komabe pitani mukaone ngalande za m'misika yathu mvula ikagwa. Chinthu chikakhala chotchipa komanso chothandiza, anthu sachisiya msanga, ndipo amene amalipira mtengo wake weniweni ndi madzi.

Ine ndikaiona mbiri imeneyi ndimaona zinthu ziwiri zoyendera limodzi. Banja la munthu wamba, lopanda fakitale, linasintha kawedzedwe ka dziko lonse la America ndi mphika, chikombole ndi khama. Izi n'zolimbikitsa kwa aliyense amene amapanga sopo, makandulo kapena mafuta odzola pakhomo. Koma chimene chinapangitsa nyongolotsiyo kuyenda malonda, kusaola kuja, ndi chomwechonso chikuvutitsa nyanja zawo lero, patadutsa zaka zoposa 70.

Inu a ku Mangochi, Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Kachulu, tatiuzeni: nyambo zoterezi zitafika m'sitolo za kwanuko pa mtengo wotsika, mungazilandire kapena mungakakamire usipa ndi nyongolotsi za kudambo?