Maulidi ku Malawi

Maulidi, amene Asilamu ambiri a ku Malawi amawatcha Ziyala, ndi chikondwerero chokumbukira kubadwa kwa Mtumiki Muhammad. Chimachitika m'mwezi wa Rabi al-Awwal, wachitatu pa kalendala ya Chisilamu, makamaka pa tsiku la 12. Ndi pa nyengoyi pamene ndakatulo ndi nyimbo zochokera ku Arabia zimamveka kwambiri poyera m'dziko muno.

Dzina ndi nyengo

Mawu akuti maulidi adachokera ku liwu la Chiarabu lotanthauza kubadwa. Rabi al-Awwal amatanthauza nyengo yoyamba ya mphukira, pamene udzu ndi mitengo zimaphuka kukatha kuzizira. Dzinali silikugwirizananso ndi nyengo yeniyeni, chifukwa chaka cha Chisilamu chimatsata mwezi ndipo chili ndi masiku pafupifupi 354. Motero chikondwererochi chimafulumira ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse: mu 2015 chidafika mu Disembala, mvula ili mkati, pomwe mu 2024 chidafika mu Seputembala.

Momwe mwambowu udafikira kuno

Chisilamu chidalowa m'Malawi kudzera m'njira za malonda zochokera kugombe la kum'mawa kwa Africa, njira zomwezo zimene zinkadutsa minyanga ndi akapolo. Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, adakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, ndipo mafumu a Chiyao monga Makanjila ndi Mponda adalowa Chisilamu patapita zaka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kudafika magulu a Chisufi, Shadhiliya ndi Kadiriya. Gulu la Kadiriya limatchedwa ndi dzina la Abdul Qadir al-Jilani wa ku Baghdad, amene adamwalira mu 1166. Mwa amene adalifalitsa mudali Shehe Thabit bin Muhammad Ngaunje komanso mayi wina wa ku Nkhotakota, Mtumwa binti Ali.

Ndakatulo ndi sikiri

Buku lodziwika kwambiri pa maulidi kum'mawa kwa Africa ndi la Ja'far al-Barzanji, wa ku Madina wa m'zaka za m'ma 1700, lofotokoza moyo wa Mtumiki. Silimawerengedwa ngati kalata: wotsogolera amalilakatula mokoka mawu, gulu n'kumavomera, ndipo pofika pa ndime ya kubadwa anthu onse amaimirira. Palinso makaswida, ndakatulo zotamanda zoimbidwa. Yotchuka kwambiri m'maiko a Chisilamu ndi Burda, yolembedwa ndi al-Busiri wa ku Egypt m'zaka za m'ma 1200. Ku Malawi makaswida amaimbidwa m'Chiarabu, m'Chiswahili, m'Chiyao ndi m'Chichewa, ndipo ana a kumadrasa ambiri amaloweza mawu a Chiarabu asanadziwe tanthauzo lake.

Chomwe chidazika mizu kwambiri ndi sikiri. Dzinali lidachokera ku dhikr, kukumbukira Mulungu potchula dzina lake mobwerezabwereza. Ochita sikiri amaima pamzere kapena mozungulira, kumawerama ndi kuweramuka pamodzi, akutulutsa mpweya mwamphamvu kuchokera m'chifuwa. Mpweyawo ndiwo umasunga mayendedwe monga ichitira ng'oma m'magule ena, ndipo liwiro limanka likwera. Lero ambiri amauona ngati gule wa Ayao, koma udayamba ngati pemphero. Umachitikanso pamaliro ndi paukwati.

M'mizinda monga Lilongwe ndi Blantyre mumakhala ulendo wa ndawala wa Ziyala, anthu atanyamula mbendera. Tsikuli si tchuthi cha boma ku Malawi monga lilili ku Tanzania.

Kusiyana maganizo

Asilamu, omwe adali 13.8 peresenti ya anthu pa kalembera wa 2018, sagwirizana onse pa mwambowu. Kale kudali mkangano pakati pa Akadiriya ndi Asukuti, dzina lochokera ku liwu la Chiarabu lotanthauza kukhala chete, pa nkhani yoimba ndi kuchita sikiri pamaliro. Kuyambira m'ma 1970, mashehe ena ophunzira kunja, monga ku Saudi Arabia, akhala akuphunzitsa kuti maulidi ndi bidia, chinthu chongowonjezera chimene Mtumiki ndi omutsatira oyamba sadachite. Akadiriya amayankha kuti kutamanda Mtumiki ndi chizindikiro cha chikondi. M'madera ena kusiyanaku kudachititsa kuti mudzi umodzi ukhale ndi mizikiti iwiri.