Njinga ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi sipuma dzinja

Mvula ikangokhazikika mu Disembala, m'midzi ya m'zitunda za Dowa ndi Ntchisi mumabuka funso lakale: kodi njinga ikolekedwe kudenga mpaka masika, kapena izidyabe matope? Funso lomweli limabweranso mu Juni ndi Julayi, pamene nkhungu imakuta phiri la Ntchisi ndi la Kongwe, zala n'kumakanika kugwira handulo m'mamawa. Ine ndikuti mbiri ya dera lino inayankha kale. Kuno njinga inakhazikika chifukwa cha ntchito, ndipo ntchito yake yolemera kwambiri imagwa m'miyezi yomwe ena akufuna kuti ipumule.

Pamene amishoni A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok ankafika ku Mvera mu 1889, komanso pamene Robert Blake ankatsegula mishoni ya Kongwe mu 1894, katundu ankayenda pamitu ya amtengatenga, azungu n'kumanyamulidwa pamachila. Chimene chinaika njinga m'manja mwa mlimi wamba ndi ndalama za fodya. Fodya wowamba ndi utsi anafala m'maboma a Lilongwe ndi Dowa m'zaka za m'ma 1920, mpaka boma la atsamunda linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board mu 1926. Mlimi amene wagulitsa bwino ankaganiza za njinga asanaganize za malata. Njira ina inali ya ulendo: amuna obwerera kuchokera ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Joni ankabwera ndi Humber kapena Raleigh, mudzi wonse n'kudzaionera. Kamuzu Banda ataletsa Wenela, bungwe lotengera anthu ku migodi ya ku Joni, mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74, khomo la ku Joni linatsekeka kwa kanthawi, koma njinga inali itazika kale mizu. Pambuyo pake kunadzaza za ku China ndi ku India, monga Phoenix ndi Hero, ndipo kuyambira m'ma 1990 anyamata anayamba kuveka kaliyala khushoni n'kumanyamula anthu. Lero kabaza ali ponseponse: pa Mponela, pa Madisi, pa boma la Ntchisi, ngakhalenso ku Dzaleka, komwe kunasanduka malo a othawa kwawo mu 1994.

Tiyang'ane tsono kalendala ya mlimi. Feteleza wobereketsa amafunika chimanga chili m'mawondo, mvula ili mkati, ndipo thumba la makilogalamu 50 silidziyendera lokha kuchoka pa sitolo kukafika kumunda. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala, nkhokwe zitagona, bambo akusakasaka chimanga pa ADMARC kapena pamsika, kenako kuchigayo. Ndi miyezi yomweyonso imene malungo amachuluka, mwana n'kutentha thupi pakati pa usiku, chipatala chili kuseri kwa zitunda zitatu. Nthawi imeneyi matola amathera pa tala, chifukwa mwini galimoto safuna kutitimira m'msewu wafumbi. Njinga yokha ndiyo imalowa m'kanjira ka m'mphepete mwa munda; ikakanika kupalasika imakankhidwa, pakakhala khwawa imanyamulidwa paphewa. N'chifukwa chake alangizi a zaumoyo a m'midzi akhala akupatsidwa njinga, ndipo m'madera ena muli njinga zokoka kangolo ka wodwala. Za chisanu sitichulukitsa mawu: imeneyo ndi nyengo yogulitsa soya, mtedza ndi fodya, ndipo wonyamula masamba kupita ku Chezi amafunda ndi chitunda choyamba chomwe.

Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo si zachibwana. Dothi la makande limamatirira pakati pa tayala ndi madigadi mpaka gudumu kuima. Mabuleki akanyowa sagwira limu, ndipo pamtsetse wa m'mapiri muno munthu wonyamula thumba kapena mayi wapakati akhoza kukathera kuphompho. Tcheni chimadya mchenga, masipoko amachita dzimbiri, ndalama yokonzetsera n'kumafunika m'mwezi umene m'thumba mulibe kanthu. Zonsezi n'zoona. Koma zikutiphunzitsa kupalasa mwanzeru, zomwe opalasa akale ankazidziwa: kutsika n'kukankha pamtsetse poterera, kuchotsa matope ndi kamtengo, kutsuka tcheni n'kuthira oilo madzulo, kusintha mphira za mabuleki mvula isanayambe. Walira mvula walira matope. Mlimi amene anapempha mvula sangadabwe kuti njira yoterera. Pali malo amodzi okha pomwe otsutsawa sindingawabweze: mtsinje wosefukira. Bua kapena Lingadzi akadzaza, palibe thumba la feteleza loposa moyo wa munthu, ndipo wodikira kutsidya mpaka madzi ataphwa wachita bwino.

Ena akuti njinga yamoto yathetsa mkangano wonsewu. Yathandizadi, makamaka ponyamula odwala msanga. Koma imamwa petulo, ndipo amene anaona mizere ya pa malo omwetsera mafuta mu 2011 ndi 2012, kenakonso kuyambira mu 2022, akudziwa kuti mafuta akasowa mtengo wa ulendo umakwera tsiku lomwelo. M'matope nayonso imaterereka, ndipo kugwa kwake n'koopsa kuposa kwa yakapalasa. Banja lodalira munda wa maekala awiri silingaike chiyembekezo chonse pa chinthu chodalira ndalama zakunja.

Choncho cholakwa sichili pa njinga. Chili pa timilatho tamitengo tomwe timakokoloka chaka ndi chaka, ndi pa misewu ya m'midzi yopanda ngalande. Makhonsolo a Dowa ndi Ntchisi, pamodzi ndi mafumu ndi makomiti a chitukuko, akonze makalavati ndi timilatho timeneti mu Seputembala ndi Okutobala, nthaka ikadali youma, chifukwa Januwale akafika anthu adzadutsapo ndithu ndi njinga zawo.