Njanji yathu inadikira zaka 30 pamalire

Anzathu, njanji mumaidumpha tsiku ndi tsiku ija ndi yakale kuposa tonsefe m'kalabu muno. Inafika pa Mchinji mu 1980, kuchokera ku Salima kudzera ku Lilongwe, ndi thandizo la dziko la Canada. Cholinga chinali choti ipitirire mpaka ku Zambia, koma inangothera pompano.

Mbali ya ku Chipata anaiyamba mu 1982, ndalama n'kuvuta, ntchito n'kuima. Anadzaitsegulira mu Ogasiti 2010, a Bingu wa Mutharika ndi a Rupiah Banda ali pomwepo. Tawerengani nokha: zaka 30, pamtunda woti wakabaza amapita n'kubwerako tsiku lomwelo!

Njanjiyi ikakhota pa Nkaya imakafika kudoko la Nacala ku Mozambique. Ndiye kuti mtedza ndi soya wathu ali ndi njira yopitira kunyanja, feteleza ali ndi njira yobwerera kuno. Komatu lero katundu wambiri amadutsa pa Mwami pamathiraki, ndipo sitima yonyamula anthu simungaione pasiteshoni.

Ndiye ofuna mavoti akabwera, tiyeni tiwafunse za sitima. Ndipo wina akamazula zitsulo zapanjanji kuti akagulitse, osamusekerera ayi. Makolo athu anadikira kokwanira.