Ndodo

Ndodo ndi mtengo kapena chitsulo chowongoka chomwe munthu amagwira m'manja poyenda. Dzinali silisintha pochulukitsa: timati ndodo iyi, ndodo izi. Tanthauzo lake ndi lotambalala, pakuti ya mbusa wa ng'ombe ndi ndodo, yomwe Kamuzu Banda ankayenda nayo pamodzi ndi litchowa inalinso ndodo. Kuchipatala, mawuwa amaimira zipangizo zosiyana zimene siziyenera kusokonezedwa.

Ndodo imodzi ya chogwirira chopindika ndi ya munthu amene miyendo ikumunyamulabe koma amadzandira, monga okalamba. Ambiri amaigwirira mbali ya mwendo wopweteka, chonsecho malo ake ndi dzanja la mbali yabwino, kuti izitsogola limodzi ndi mwendo wofookawo. Kutalika kwake kumayezedwa munthu ataima manja ali m'mbali: chogwirira chifike pamfundo ya dzanja. Ikatalikitsa imatopetsa phewa, ikafupika imaweramitsa msana.

Ndodo ziwiri za m'khwapa ndi za wothyoka mwendo kapena wodulidwa. Thupi lizilemera m'manja, osati m'khwapa, poti kutsamira pamenepo kumapana mitsempha mpaka dzanja kuchita dzanzi. Pakati pa khwapa ndi nsonga ya ndodo pazitsala mpata wa zala ziwiri kapena zitatu.

Ndodo yoyera ya osaona si yotsamira ayi. Ntchito yake ndi kufufuza njira, ndipo tsiku loikumbukira ndi 15 Okutobala. Koma ndodo zotsamira zija zimafuna labala kunsi, chifukwa ikatha zimaterereka pasimenti yonyowa.